Chala cha Tomu Ketulo

Amayi anga anabatizidwa Munah, koma mukafika ku Freetown pa Kroo Town Road n'kufunsa dzina limenelo, anthu adzangokuyang'anani ngati mwabwera kudzatolera msonkho. Funsani Ketulo. Ngakhale mbuzi idzakulozerani khomo.

Ife tinakula tikudziwa kuti dzinali linachokera ku mtima wawo. Ndi munthu wamfupi, wotakata m'munsi, ndipo sachedwa kuwira. Akakwiya amayamba ndi kamluzu ka m'mano, kenako chivundikiro chimadumpha. Ine Blamo, mwana wawo wachisamba, ndapsa ndi madzi a ketulo ameneyu zaka makumi asanu ndi limodzi ndi ziwiri, ndipo mpaka pano sindinapole.

Chaka chatha dokotala anawauza kuti maso awo akutseka, ndipo mvula ikamadzatha adzakhala atatsekeratu. Tinabwerera kunyumba. Anakhala pakhonde, mpunga wa chigwada uli pamwendo, osaukhudza.

"Blamo."

"Ndili pano, Amayi."

"Nkhope yako ndaiona mokwanira. Sindidzaisowa."

"Zikomo kwambiri."

"Ndikufuna ya bambo anga."

Bambo awo, agogo a Nimene Tugbe, anakwera sitima mu Malichi 1943, amayi ali ndi zaka zinayi. Sanabwerenso. Kalata ayi, maliro ayi, chithunzi ayi. Kwathu mwamuna akasowa panyanja pamakhala nkhani ziwiri zokha: nyanja yamudya, kapena mkazi wa ku Liverpool wamudya. Ya nyanja imabwera ndi uthenga wa ku ofesi. Uthenga sunabwere, choncho anthu anasankha yachiwiriyo, poti ndi yokomanso kukamba.

Amene ankaikometsa kwambiri ndi Mayi Jugbeh a khomo loyandikana, mnzawo wa amayi kuyambira ali ana. Amakondana ngati lilime ndi mano.

"Ife bambo athu tinawaika m'manda ndi manja athu," ankatero Mayi Jugbeh akuyanika nsomba. "Ena bambo awo anatsamwa ndi batala kwa azungu."

"Bambo akowo nyanja inawakana, ankasanza ali padoko," amayi ankayankha. Koma akalowa m'nyumba kamluzu sikankamveka.

Ndinawafunsa chimene amakumbukira. Anati fungo la phula ndi malasha. Anati kunyamulidwa m'mwamba mpaka kugunda denga ndi mutu. Ndipo anati chala.

"Chala chaching'ono cha kumanzere chinali chachifupi, chodukira pakati. Zala zinazo sizinkakwana m'dzanja langa, koma icho chinkakwana bwinobwino. Popita kudoko ndinkagwira chimenecho. Ndinkayesa anachidulira ine."

Ine sukulu ndinalekera kalasi lachisanu ndi chimodzi, aphunzitsi ndi ine titagwirizana kuti tasowetsana mtendere mokwanira. Moyo wanga wonse ndayendetsa poda-poda, minibasi ya kwathu kuno, kutsitsa ndi kukweza anthu kuchoka ku Kissy mpaka m'tauni. Koma mwana wachisamba sakana ntchito. Ndinavala jekete la maliro n'kukwera phiri kupita ku nyumba yosungira mapepala akale.

Woyang'anira kumeneko ndi Mayi Renner, mayi wamtali wa magalasi a tcheni, wolankhula ngati mawu aliwonse anawasita kaye. Anandiveka magolovesi oyera.

"Mayi, ukwati wake ndi wa ndani?"

"Mafuta a m'manja mwanu amawononga pepala, Bambo Blamo."

"Manja awa agwira chiwongolero zaka makumi anayi, mafuta anatha kale. Mwatsala dzimbiri."

Sanaseke. Anabweretsa mabuku atatu aakulu ngati miyala ya pamanda, a kampani ina ya sitima imene inatha kalekale. M'menemo ankalemba anyamata onse a mtundu wathu wa Akru operekedwa kwa akapitawo kuti aphunzire ntchito ya panyanja. Tinafufuza Nimene. Tinafufuza Tugbe. Masiku atatu. Palibe.

Zimene ndinapeza zinandiiwalitsa chimene ndinabwerera. Jaki Chiwaya. Tomu Mphemvu. Jimu Sopo. Botolo la Mowa, Botolo la Mowa Wachiwiri. Wina Loweruka, mng'ono wake Lolemba.

"Mayi, ili ndi buku la anthu kapena la katundu wa kukhitchini?"

"Makalaliki a sitima ankati mayina athu amawathyola lilime. Mnyamata akafika, ankangoyang'ana chimene chili pafupi n'kumutcha chomwecho. Dzina limenelo ndilo linkalowa m'buku lake la ntchito, ndipo popanda bukulo sankakwera sitima."

"Mwayi wake panalibe chimbudzi pafupi."

"Tsamba lotsatira," anatero Mayi Renner, "alipo."

Ndinaseka mpaka mlonda anasuzumira. Koma potsika phiri kuseka kunandithera. Anyamata mazanamazana, aliyense wobadwa ndi dzina limene mayi wake analisankha, onse atabisala kumbuyo kwa ziwaya ndi sopo. Agogo anga anali mmenemo, ndinawadutsa mwina kawiri, ndipo sitinapatsane moni.

Ndinafika kunyumba Mayi Jugbeh akukuwa pampanda, kuitana amayi.

"Ketulo Wamng'ono! Nkhuku yako yadyanso tsabola wanga!"

Ndinaima pachipata. Ndi iwo okha amene anatsala otchula dzinalo lathunthu. Enafe kamchira kameneko tinakataya kale, poti munthu wa zaka makumi asanu ndi atatu ndi zisanu simumutcha wamng'ono.

"Mayi Jugbeh, wamkuluyo anali ndani?"

"Wamkulu wa chiyani?"

"Ngati pali Ketulo Wamng'ono, panali Ketulo Wamkulu."

Amayi anatuluka akupapasa khoma.

"Amene anayamba kunditcha choncho ndi amuna a padoko," anatero pang'onopang'ono. "Akandiona ankati, uyo Ketulo Wamng'ono. Ndinali ndisanayambe n'kukwiya komwe."

M'mawa mwake ndinafika paphiri Mayi Renner asanatsegule.

Tinamupeza m'buku lachiwiri, chaka cha 1926. Inki inali itasanduka ngati tiyi wopanda mkaka. Tomu Ketulo, wa zaka ngati khumi ndi zinayi, waperekedwa kwa kapitawo Wisseh zaka zinayi, kuti aphunzire kuluka zingwe, kupalasa bwato la katundu pamafunde, ndi kuyendetsa makina okwezera katundu. Maso: akuda. Tsitsi: lakuda. Khungu: lakuda. Kalaliki ameneyu anagwira ntchito yaikulu. Ndi chizindikiro chimenecho mukhoza kumanga Freetown yense.

Koma pansi pake dzanja lina linaonjezera, 1927: chala chaching'ono cha kumanzere chadulidwa ndi chingwe cha makina. Ndipo 1930: wamaliza, wapatsidwa buku, kutalika mainchesi 69. Khalidwe labwino. Amaimba mluzu pantchito, wachenjezedwa kawiri.

Ndinapempha madzi akumwa. Ndinati ndi fumbi la mapepala.

"Chithunzi mulibe muno," anatero Mayi Renner, mawu atafewako. "Koma nambala ya buku lake tili nayo. Ndilembera anzathu a ku Mangalande. Makhadi a amalinyero a pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ankakhala ndi zithunzi."

"Pambuyo pa nkhondo? Ndiye kuti chikapezeka…"

"Ndiye kuti anali moyo, inde."

Tinadikira milungu isanu. Mvula inali pakati, ngalande za Kroo Bay zitasefukira, ndipo amayi anali atasiya kuzindikira anthu a tsidya lina la msewu. Tsiku lililonse ankandifunsa ngati phiri lanena kanthu. Za buku la 1926 ndinali nditawauza, ndipo ankandibwerezetsa ngati salimo.

Lachinayi lina foni inalira. Nditafika paphiri, Mayi Renner anandikhazika pampando wawo weniweni, ndipo ndinadziwiratu kuti zinthu sizili bwino. Anandipatsa pepala. Khadi la 1951, nambala yomweyo, Tomu Ketulo. Pakona panali nkhope: mwamuna wa masaya odzaza, kandevu kometedwa bwino, tayi. M'munsi analemba kuti anasiya ntchito ku Liverpool mu 1959, wokwatira, ana atatu.

"Pepani, Bambo Blamo. Koma nkhope mwaipeza."

Ndinamuyang'ana mkuluyo. Mayi Jugbeh anali atapambana. Batala anaonekeradi m'masaya. Ndinaganiza zong'amba m'munsimo n'kupereka nkhope yokha, poti amayi zilembo saonanso. Bodza laling'ono, ndanenapo aakulu kwa apolisi a pamsewu.

Apolisi a pamsewu aja ndi amene anandigwira dzanja. Ndiulule pano, poti mlandu wake unakalamba. Zaka khumi ndi chimodzi zoyamba ndinayendetsa poda-poda ndi laisensi ya msuweni wanga Dweh, amene anapita ku Conakry n'kuisiya m'thumba la buluku. Zaka zonsezo pamsewu ndinali Dweh. Wapolisi amawerenga dzina ndi nambala, saona munthu. Choncho ine ndikagwira pepala lililonse la boma, dzina ndimalidumpha, ndimayamba ndi timizere ting'onoting'ono timene wabodza amaiwala.

"Mayi, munthu amafupika?"

"Akakalamba, pang'ono."

"Wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi? Apa alemba mainchesi 65. Agogo anga anayiwo anawasiya kuti, m'sitima?"

Anatsitsa magalasi.

"Makalaliki ankalakwitsa."

"Chabwino. Nanga apa? Zipsera kapena zilema: palibe. Mayi, chala si chinangwa choti mukadula chiphukanso."

Kenako anavula magolovesi, munthu amene ndinkayesa anabadwa nawo.

"Mukutanthauza kuti buku linasintha mwini."

"Buku ndi laisensi, Mayi. Laisensi siifa. Amafa ndi dalaivala."

Tinabwerera ku Malichi 1943. Mndandanda wa amene anakwera sitima ija unalipo: amuna makumi anayi ndi awiri, kupita ku Matadi n'kubwerera. Tomu Ketulo anakwera, Tomu Ketulo anatsika mu Juni. Koma wotsiriza pamndandanda anali wina wotchedwa Supuni, wachilendo, wopanda buku, wotengedwa chifukwa nthawi ya nkhondo manja ankasowa. Pa dzina lake panali mzere wofiira.

Buku la ulendo la mkulu wa sitima linatenga milungu ina iwiri kuti a ku Mangalande atitumizire tsamba lake. Mayi Renner anawerenga mokweza, ine nditaima.

Pa 9 Juni, pobwerera, patatsala tsiku limodzi ndi theka kufika ku Freetown. Wamwalira ndi malungo mmodzi wa Akru, kapitawo akuti ndi Supuni. Chala chaching'ono cha kumanzere n'chodukira pakati. Waikidwa m'nyanja m'mawa. Katundu wake: bulangete, mpeni, nsalu yamaluwa mayadi awiri.

Sindikuimba mlandu kapitawo uja. Anali ndi mtembo wokhala ndi buku, ndi wamoyo wopanda buku. Mzungu sankawasiyanitsa. Akananena zoona, buku likanalowa m'madzi limodzi ndi mwini wake. Anachita masamu amene ine ndikanachita. Kungoti masamu amenewo ankafuna kuti pa Kroo Town Road pasamveke kulira, poti maliro a Ketulo akanamveka mpaka ku ofesi. Amuna makumi anayi ndi mmodzi anatsika padoko atatseka pakamwa, ndipo kamtsikana ka zaka zinayi kanayang'ana dzanja lililonse lodutsa.

Ndinapeza amayi pakhonde, dzuwa la masana likuwawomba kumaso, poti tsopano kuwala ankachita kukufunafuna. Ndinali ndi mapepala awiri, lina m'thumba lakumanja, lina lakumanzere.

"Walowa mwakachetechete. Wapalamula chiyani?"

"Amayi, ndabwera ndi bambo awiri. Musankhe."

"Usandiseweretse, iwe."

"Woyamba ali ndi nkhope. Wokongola, wa tayi. Anakhala ku Liverpool, anabereka ana atatu, sanalembe kalata. Wachiwiri alibe nkhope, alibe manda, ngakhale dzina anamulanda kawiri. Koma ankabwera kuno. Panatsala tsiku limodzi ndi theka."

Anatambasula dzanja. Ndinawapatsa chithunzi. Anachiyandikiza mpaka chinagunda mphuno, n'kuchiyendetsa uku ndi uku kufuna kampata kamene kanatsala m'diso lakumanja. Anachiyang'ana nthawi yoti mpunga ukanapsa.

"Manja ake ali kuti?"

"Sanajambule manja."

"Ndiye ndimudziwa bwanji?" Anachiika pamwendo chozondoka. "Werenga winayo."

Ndinawerenga. Ndinafotokoza za Supuni, za mainchesi anayi, za chala chimene sichiphuka. Ndinayembekeza kamluzu, kenako chivundikiro. Sizinabwere.

"Sitima ikafika," anatero, "m'mawa mwake tinkapeza thumba la mpunga pakhomo. Zaka ndi zaka. Mayi anga ankalilowetsa osafunsa. Anthu ankawanena bambo, iwo osawatukwana ngakhale kamodzi, osawateteza ngakhale kamodzi. Ine ndinkati alibe mtima." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya nsalu. "Anamezera maliro a mwamuna wawo kuti ine ndidye."

"Mwina sankadziwa, Amayi."

"Iwe khala chete, sunawadziwe."

Ndinamvera, chimene sichichitika kawirikawiri.

"Nsalu ija," ndinatero patapita nthawi. "Mayadi awiri. Mayi wamkulu sakwana m'mayadi awiri."

"Mwina ankafuna kusoketsa kabudula."

"Wamaluwa?"

"Bambo anga ankatchena." Anatembenuzira nkhope kwa ine. "Alemba mtundu wake?"

"Sanalembe."

"Azungu awa. Amalemba kuti munthu wakuda ndi wakuda, koma mtundu wa nsalu ayi."

Mayi Jugbeh anali pampanda nthawi yonseyi, akunamizira kuthyola tsabola. Amayi sanawaone koma anawamva.

"Jugbeh! Wamva? Tsiku limodzi ndi theka!"

"Ndamva, mwali."

"Batala uja ukadye wekha."

"Ndidya," anatero Mayi Jugbeh. Anazungulira mpanda, n'kudzakhala pansi pafupi ndi mapazi a amayi, chinthu chimene mawondo awo anasiya kuvomera zaka khumi zapitazo. "Tilira liti?"

Tinalira Loweruka. Maliro ochedwa zaka makumi asanu ndi atatu ndi chimodzi, opanda bokosi. Abusa anafunsa dzina loti atchule, ndipo amayi anati Nimene Tugbe, katatu, kuti lilowe bwino. Mayi Renner anabwera atavala chipewa. Wa tayi uja amayi analamula kuti ndimuike mufelemu.

"Anasenza dzina la bambo anga zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo mpunga unkachokera kwinakwake. Mupachike. Koma kuseri kwa chitseko."

Lolemba m'mawa anati ndiwaperekeze kudoko. Njira amaidziwa ndi mapazi, koma miyala ya pamenepo ndi yoterera. Tinaima kumapeto, pamene amayi ogulitsa nsomba amatsukira mabeseni. Mvula inali itakata. Kutsogolo kunali mbuu, nyanja ndi thambo osasiyana.

"Mbali iti?"

Mayi Renner anali atandionetsa pamapu, kadontho pakati pa madzi okhaokha. Ndinawatembenuza mapewa kuloza kumwera.

"Uko, kuseri kwa phiri, n'kupitirirabe."

"Ukuona chiyani?"

"Madzi, Amayi."

"Inenso." Anaseka pang'ono. "Lero tikuona zofanana."

Anaima choncho nthawi yaitali. Kenako anati ndinenenso za m'buku la 1926 lija, kuyambira pamwamba. Ndinali nditaziloweza. Wa zaka ngati khumi ndi zinayi. Kuluka zingwe. Maso akuda, tsitsi lakuda.

"Akuda bwanji? Ngati anga, kapena ngati ako?"

"Sanalembe."

"Pitiriza."

"Amaimba mluzu pantchito. Wachenjezedwa kawiri."

"Kawiri kokha," anatero. "Ine akhala akundichenjeza moyo wonse."

Pobwerera anapapasa kufuna dzanja langa. Ndinapinda chala chaching'ono cha kumanzere n'kuwapatsa. Anachigwira, n'kuima.

"Wapinda, wakuba iwe."

"Ndapinda, Amayi."

Ndinayamba kuchiwongola. Anachifinya.

"Chisiye choncho mpaka kunyumba."